Chala Chake pa Dothi Langa

Ndimafika bwalo lisanadzuke,
tekisi ya ku Alex itandilavula pakona,
mame akadali mbuu pa kapinga.
Munda wanga ndi kachigawo kamodzi kokha,
mayadi makumi awiri ndi awiri.
Ndimathirira, ndimameta, ndimatsendera ndi chigudumu
mpaka palimbe ngati pansi pa nyumba yozira.

Lachiwiri lija ndinapeza wina atanditsogolera.
Mnyamata woonda, ndevu zikungoyesa kumera,
atagwada pakati pa bwalo la kiriketi
akudina dothi langa ndi chala chachikulu
monga achitira ogula mapeyala pamsika.
Ndinati, Iwe, choka apo!
Anaseka. Anati ndi Sarvesh, wa ku Nagpur,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
ndipo aka nkoyamba kukwera ndege.

Chizungu chake ndi changa zinkapunthwitsana
koma tinamvana.
Bambo ake amasita malaya a anthu ndi simbi yamakala.
Mpira wake woyamba anaulowetsa mu sokosi
naupachika kudenga,
kuumenya usiku wonse mpaka aneba kugogoda khoma.
Thabwa lomenyera linali langongole,
bambo anaibweza kolala ndi kolala
chaka chathunthu ndi miyezi iwiri.

Sindinamuuze kuti dothi la Joni ndi lamwano.
Kuno mpweya ndi wopyapyala, mpira sugwada,
umadumpha kufuna pakhosi.
Tsiku loyamba anapirira mipira itatu.
Wachinayi unanyambita thabwa nugwera m'manja mwa adani,
pa bolodi nkulembapo dzira.
Madzulo ndinamuona kuseri kwa shedi ya makina,
foni kukhutu, akuti zonse zili bwino.
Bodza limenelo ndimalidziwa.
Ndimalitumiza ku Ntcheu mwezi ndi mwezi
pamodzi ndi ya feteleza.

Loweruka anabwereranso.
Mpira unamuluma nthiti, sanasisite.
Wina unang'amba chikhadabo, anangomanga pulasitala.
Kenako manja anamasuka.
Phaa! mpira kuseseleka pa kapinga amene ndinameta ndekha,
kudutsa chingwe ngati mbewa yothawa lupsa.
Makumi asanu. Makumi asanu ndi awiri.
Amwenye a ku Lenasia ndi Fordsburg,
amene makolo awo anabadwira konkuno,
anayamba kusokonezeka pomuombera m'manja,
mbendera ina kudzanja, mtima kwina.

Atafika makumi asanu ndi anayi kudza zinayi
mitambo inakwera kuchokera kummwera
yakuda bii, mphezi ikung'anima pamwamba pa nyumba zosanja.
Kapitawo Mokoena anakuwa, Malona!
Tinathamanga asanu ndi atatu,
ine kutsogolo, ndikukoka lona
kuphimba zisanu ndi imodzi zomwe zinamutsalira.
Tinadutsana. Anandiyang'ana ngati mvula ndaitana ndine.

Matalala anagwa ola lathunthu.
Titavundukula, dothi linali litatuluka thukuta,
ndipo ndinadziwa, ine ndekha bwalo lonse,
kuti mpira woyamba udzakwawa.
Ndikanatsokomola. Ndikanaloza pansi.
Koma amandilipira ndi eni bwalo
ndipo pepala langa lokhalira kuno limatha mu Malichi.

Unakwawadi. Zikhomo zinamwazika.
Anaima kanthawi, kenako anawerama
nakhudza dothi ndi chala chomwe chija,
nachiika pamphumi.

Mmawa mwake pa mpando wa chigudumu
ndinapeza magolovesi awiri,
lamanzere lili ndi dontho la magazi ouma.

Papita zaka zitatu.
Nkhope yake ndimaiona pa foni ya mwana wa kapitawo,
ndevu zadzaza, akutsatsa nsapato.
Akuti bambo ake anasiya simbi.
Ine magolovesi ndimavala mu Juni
chisanu cha Joni chikamaluma zala pa chitsulo,
ndipo ndikamakankha chigudumu kudutsa pamalo paja
ndimachepetsa liwiro pang'ono,
sindidziwa chifukwa,
poti dothi linaiwala kale.