Masekondi Khumi ndi Awiri

Anatiitana Loweruka madzulo
ku fakitale yakale ya ku Matosinhos
kumene tinkalongedza nsomba m'zitini.
Lero muli mipando yawofuwofu,
khofi wa mtengo woboola m'thumba,
ndipo fungo lathu analikwirira ndi penti.

Ndinavala diresi ya pa ukwati wa mdzukulu.
Graciete anabwera ndi ndodo yake
ndi mano atsopano amene sanawazolowere.

Magetsi atazima tinatulukira pakhoma,
atalitali ngati zitseko za tchalitchi,
atsikana mazana awiri, mipango kumutu,
mipeni ili waliwali,
mitu ya nsomba ikugwera m'ndowa.

Ine ndinaoneka masekondi khumi ndi awiri.
Ndinawerenga.
Milomo yanga ikugwedezeka, mawu zii.
Anaikapo gitala,
ndi bambo wina wa mawu osalala a ku Lisboa
akudandaula za chikhalidwe chimene chikuzilala.

Koma ndikukumbukira zimene ndinanena tsikulo.
Ndinati mchere wanditha zikhadabo.
Ndinati kapitawo amawerenga mphindi
tikapita kuchimbudzi.
Ndinati mwana wanga ali pansi pa tebulo ili,
wagona m'bokosi la zitini
chifukwa ndilibe womusiyira,
weramutsani kamerayo mumuone.
Sanaweramutse.

Filimu itatha anthu anaomba m'manja mpaka kuimirira.
Ilídio, yemwe ankanyamula kamera paphewa
tsitsi likadali m'mutu,
anandipatsa maluwa, akunjenjemera dzanja.
Akuti makina ankasokosa, mayi Deolinda,
mawu anu sanamveke bwino.
Mwina n'zoona. Ankasokosadi.
Khutu langa lakumanzere ndi mboni.

Ndinali nditakonza mawu olasa
kuyambira pa sekondi yachitatu.
Ndisanawatulutse, Graciete anandikoka mkono,
nkhope yonse ili chonyowa.
Iye sanandione n'komwe pakhomapo.
Anaona kuseri kwa phewa langa, pakona,
mng'ono wake Benvinda
amene chifuwa chinamutenga chaka chotsatira,
wopanda ndi chithunzi chimodzi chomwe m'nyumba,
akuseka, akupukuta mphuno ndi chigongono.

Tinadikira achinyamata atuluke.
Kenako tinapempha mnyamata wa makina
abwezere pamenepo.
Anabwezera kanayi.
Ine ndikulankhulabe popanda mawu,
Benvinda akusekabe,
ndipo pansi pa tebulo, pamene sipaoneka,
mwana wanga, amene pano ali ndi imvi,
anali asanadzuke.