Kulemera kwa Kudzuka

Magetsi anachoka faivi koloko m'mawa,
anabwera tili mtulo, n'kupitanso tisanawaone.
Ku Mtendere kuno taphunzira kununkhiza firiji
ngati mayi wonunkhiza thewera la mwana.
Nkhuku khumi ndi zinayi ndinataya mu Okutobala,
ndinazikwirira usiku kuseri kwa chimbudzi
kuopa maso a aneba.

Alamu anga a Fackson anabwera ndi kajenereta kofiira,
konyamula ndi dzanja limodzi ngati ndowa,
ati, "Aka n'kachilombo, mlamu."
Kanayatsa babu. Kanayatsa wailesi.
Titalumikiza firiji kanatsokomola kawiri,
kanagwada,
nyumba yonse fungo la petulo ndi manyazi.

Loweruka ndinakwera basi ya ku Kamwala,
ndalama za chilimba nditamanga pamfundo ya chitenje,
pachikhatho nditalemba ndi bolopeni
nambala ya kuseri kwa firiji,
imene ndinawerenga nditagwada, foni ikundiunikira,
ulusi wa kangaude uli m'tsitsi:
mawatsi mazana awiri.
Pofika m'tauni thukuta linali litadya theka la ziro.

Mnyamata wa m'sitolo yoyamba anasisita chachikasu,
chamawilo, chotalika kundifika m'chiuno.
"Tengani ichi amayi, chiyatsa ndi tchalitchi chomwe."
Ine ndilibe tchalitchi.
Ndili ndi firiji imodzi, ana atatu ndi lendi.
Chimenecho chikanamwa phindu langa
lisanakwane Lachitatu.

Pakhonde panali a Nkhuwa, atakhala pakireti,
akukulunga waya m'mota yopsa,
magalasi awo omanga ndi mphira.
Anagwira dzanja langa ngati olosera,
n'kuwerenga zotsala za inki.
"Uwu ndi mulingo wa poyenda," anatero.
"Wa podzuka sanalembe."

Analoza kumsewu ndi chibwano.
Mnyamata wa wilibala, matumba anayi a simenti,
anawerama, mitsempha ya m'khosi ili njo,
mano ali gwa, patapata akuterereka m'fumbi.
Wilo litangotembenuka kamodzi
anayamba kuimba mluzu.

"Mwaona? Firiji yanu imatero
nthawi iliyonse mota ikadzuka.
Imapempha katatu, mwina kasanu,
kwa kamphindi ka kuphethira chabe,
koma kamphindi kameneko ndiko kamapha zing'onozing'ono."

Tinawerengera pachikatoni ndi msomali.
Mazana awiri kasanu, chikwi.
Mababu atatu. Mafoni. Kawailesi.
"Nanga ayironi?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
"Ayironi iwalani. Makala alipo.
Ndipo musasenzetse injini mpaka m'khosi,
isiyireni popumira."

Ndinatenga ya chikwi ndi theka, yobiriwira,
yokandika pang'ono pathanki,
anandichotserako mtengo wa basi.
A Nkhuwa anakana ya dirinki,
anangoti ndiziisunga panja, kutali ndi windo,
poti utsi wake sugogoda polowa.

Tsopano ili kuseri, m'khola la zitsulo
lomwe a Fackson anawotcherera mwaulere,
osanena kanthu za kofiira kaja.
Usiku ndimagona ndikumvetsera.
Firiji ikadzuka, mawu a injini amatsika,
amapinda bondo,
mtima wanga umapinda nawo,
kenako amawongoka.
Nkhuku zili gwa ngati miyala.
Mafiliziti a ana asukulu amaluma zala.

Folo koloko alamu ya foni imalira.
Msana umakana, mawondo amakana,
bulangete limalemera ngati simenti ija.
Ine kuseri kwanga palibe analembapo nambala,
palibe wondiwerengera kasanu.
Ndimatsamira chigongono,
ndimapuma,
phazi limodzi pansi pozizira.

Ndikafika pakhomo ndimapeza ndikung'ung'udza,
Zelipa ali kale pambaula, akuuzira makala
oti asitire yunifomu.