Miyala ya Fanuwelo

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinawerengera ndalama za alimi a soya
m'kachipinda kakuseri kwa depoti ya Kasungu,
malata ali pafupi ndi liwombo,
zenera lokhomedwa misomali chilowereni akuba.
Jenereta inkatsokomolera pakhomo,
ife n'kumameza chifuwa chake.

Ikati thu koloko,
manambala ankayamba kuyenda ngati linthumbu,
seveni kusanduka wani,
mutu kugunda ngati muli wosula makasu m'katimo.
M'dirowa mwanga munkachuluka panado kuposa zolembera.
Tsiku lina ndinamudyera ziro mayi wa ku Santhe:
matumba makumi atatu, ine ndinalemba atatu.
Anabwera pa kabaza wangongole, mwana kumsana.
Sanakalipe. Anangondiyang'ana.
Abwana anati ndine waulesi, ndinavomera.
Ndikanadziwa bwanji kuti mpweya umatha
ngati mchere m'chitini?

Chaka chatha anatisamutsira ku nyumba yatsopano
yoyang'anizana ndi phiri,
ya njerwa zosawotcha.
Sipanagwe mtengo ndi umodzi womwe, ankanyadira omanga.
Mazenera uku ndi uku, akulonjerana.
Denga lalitali, timabowo pamwamba totayira kutentha,
kuwala kungolowa kosagula mayunitsi.
Pakhoma kachipangizo ka diso lobiriwira
komwe akuti kamayeza mpweya wochoka m'mphuno zathu.
Esinati anaseka mpaka kugwira tebulo:
"Nako kupuma ayamba kutilembera?"

Koma tulo ta masana tinasochera njira.
Buku limene linkandigoneka pa ofesi mpaka mdima
ndinkalitseka dzuwa likadali pa mthethe wa panja.
Seveni anakhala seveni.
Kunyumba mwana wanga anafunsa,
"Amayi, masiku ano simukupsa mtima, mwakwezedwa?"

Kenako Ogasiti anafika ndi mphepo yake yopanda mwambo.
Malisiti anauluka ngati ngumbi,
lina tinakalitola ku mpanda, mbuzi italiluma kale ngodya.
A Chikhosi anamenya tebulo:
"Tsekani! Ino ndi ofesi, si dambwe."
Tinatseka. Anagula makatani okhuthala, a mtundu wa chiwindi.
Tinayatsa magetsi dzuwa likuswa mtengo.

Sabata imodzi yokha.
Diso la pakhoma linafiira ngati la munthu wogona ku maliro.
Esinati ayasamula, ine ndiyasamula,
kuyasamula kuzungulira matebulo ngati mbale ya chopereka.
Lachinayi ndinatsegula dirowa ija.
Lachisanu ndinapeza ziro wina akusowa,
mtima unati phwii, ndinaonanso nkhope ya ku Santhe.

Lolemba m'mawa Fanuwelo mesenjala,
amene dzina lake limakhala pansi penipeni pa pepala la malipiro,
anafika thukuta kamukamu, thumba pa kaliyala.
Miyala.
Anakatola m'tsinde mwa phiri, n'kuitsuka ndi sopo wa iye mwini.
Tebulo lililonse itatu itatu,
umodzi pa malisiti, umodzi pa mafomu,
wachitatu, akuti, ngwa mapepala amene sanabwere.
Sanapemphe chilolezo.
Anakoka makatani, n'kukankha mazenera onse,
mphepo n'kulowa ngati mwini nyumba wochokera ku ulendo.

Tonse zii.
A Chikhosi anatuluka m'chipinda chawo, magalasi pamphuno.
Anayang'ana Fanuwelo. Anayang'ana diso la pakhoma
likubwerera pang'onopang'ono ku msipu.
Anatola mwala umodzi pa tebulo la Esinati,
kuuyeza m'dzanja ngati wogula mbatata,
n'kulowa nawo.

Lipoti la kumapeto kwa chaka linatamanda omanga ndi sola,
linati ntchito yakwera ndi maperesenti akutiakuti.
Za miyala mulibemo.
Fumbi limalowabe, timapukuta kawiri patsiku,
ndipo a Chikhosi amadandaulabe za khosi la malaya awo.

Wanga wachitatu uja ndi wotuwa, uli ndi mzere woyera pakati.
Sunapsinjepo pepala.
Ndimaugwira ndikamaonkhetsa mzere womaliza,
uli zizirii,
ndikupuma.