Kutentha kwa ku Ngabu

Chisiyireni kupita kumwezi, thupi limandiyakira usiku
kuposa dzuwa la Okutobala.
Anamwino akuti ndi mahomoni, akuphwa
ngati mtsinje wa Mwanza m'chilimwe.

A Zuze agwira mawuwo ngati chikwanje.
Ndikakana kubwereketsa ndalama za thonje:
"Mahomoni."
Ndikati tichoke kudimba madzi asanafike:
"Mahomoni."

Koma Lachisanu pamsika wa ng'ombe,
anzawo atawazinga, akuwatcha bwana,
ndinauona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda.
Nkhunzi ziwiri zinapita dzuwa lisanapendeke,
anabwera ndi njinga yamoto yopanda mapepala.

Zawozo anamwino sanazitchule dzina.

Usiku uno tagona pabwalo, udzudzu ukulira,
aliyense ndi ng'anjo yake m'magazi.
Ine ndikuwerengera mbuzi zotsala.
Iwo akuliza mkonono,
dzanja lili pa kiyi.