Singano

Bambo ankakonza mawayilesi pakhonde la Mmwenye ku Limbe,
patebulo la miyendo itatu, wachinayi njerwa.
Bitoni Namakhwa, sukulu analekera sitandade faifi.
Akatha kuwotcherera waya ankapotokola kachitsulo
singano n'kumayenda pagalasi,
kudutsa mvula, kudutsa nkhululu,
mpaka mawu a munthu wolankhulira mumtsuko.
Sankamvetsera zonenedwazo.
Ankangofuna kudziwa ngati wayilesi yachira.

Lachinayi lina singano inaima pa Mosiko
nthawi yongokwanira kumeza malovu.
Pambali panali wogula mabatire,
wovala jekete m'dzuwa la Okutobala.

Landirova inafika ku Ndirande tambala asanalire.
Anatenga bambo, sikuludilaiva, ndi mawayilesi asanu a eni ake.
Eni akewo sanabwere kudzafunsa.

Mlandu wake unali mawu aatali
amene Mayi lilime linkawakanira:
chikomyu, chikomyu chiyani kaya.
Ankayesa ndi matenda onga kolera.
Anafunsa wapolisi pachipata cha Chichiri
ngati kulibe jakisoni wake.
Wapolisi anayang'ana uku ndi uku asanaseke.

Ndinadzamva ndili wamkulu
kuti kutsidya kwa nyanja yamchere
kunali amuna a mataye, m'chipinda chozizira,
osadziwa fungo la Mudi mvula yoyamba ikagwa,
ataweramira mapu.
Amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola.
Kum'mawa kwathu kwafiira, iwo amati,
kumpoto nako kukupsa.
Wina anatola singano ya mutu wobiriwira
n'kuibaya pa kadziko kowonda ngati nyemba:
awa ndi athu.
Ndipo wako sumufunsa
kuti m'nyumba yake yakuseri mukubuula ndani.

Mphatso zinabwera ndithu, tisaname.
Chimanga chachikasu chimene nkhuku zinayamba zachikayikira.
Magazini osalala a kulaibulale ya m'tauni,
tinkakutira makope, ena ankakulungira zitumbuwa.
Pathumba panali manja awiri ogwirana chanza.
Mayi analichapa ndi sopo wa mtanda, manja osachoka,
analisoka pansi pa koloboyi
kukhala kabudula wanga wa kusukulu.
Zaka ziwiri maiko awiri ankapatsana moni
pathako langa lakumanzere,
ndipo kalasi yonse inkadziwa.

Zaka zinayi ndi miyezi isanu ndi iwiri.
Khoti ayi. Kalata ayi.
Mayi ankanyamula mbatata yootcha Loweruka lililonse,
ina inkafika, ina inkathera pachipata.

Kenaka khoma linagwa mumzinda umene sitinauonepo.
Amuna a mataye aja anapinda mapu,
anatsikira pa Chileka ndi zikwama zatsopano
n'kuyamba kufunsa mokweza, nkhope zili gwaa:
kodi m'ndende zanuzi muli anthu angati?
Ngati kuti makiyi aja
sankalira m'thumba la mnzawo nthawi yonseyi.

Bambo anatuluka ndi malaya omwe aja,
khutu limodzi litatseka, mano a kumanzere atatsala komweko.
Pakhonde la Mmwenye panali telala.
Wa jekete uja tinkakumana naye kutchalitchi,
ankaimba besi.

Lero ndimakonza mafoni pa Jinare Kona.
Onse ndi a ku Tchaina, palibe amandimanga.
Ndamva kuti mapu aja awafunyululanso,
kuti singano zagulidwa zina.

Madzulo ndikakwera ku Ndirande
ndimawapeza pakhonde, wayilesi pamiyendo,
yopanda mabatire, safuna kuti ndiwagulire.
Chala chimapotokola pang'onopang'ono,
singano ikuyenda mwakachetechete,
ndipo ikayandikira pamalo paja
amaidumphitsa msanga,
n'kucheukira kumsewu.