Kope la Mjigo

Anandisankha chifukwa ndinachedwa ku msonkhano.
Pomwe ndimafika, manja anali ataombedwa kale,
kope lofiira lili pampando kundidikira
ngati mwana wamasiye amene onse akumuyamikira
koma wopereka msana palibe.

Msungichuma wa mjigo.
Dzina lodzaza m'kamwa,
chuma chake chokwana m'kachitini ka mafuta odzola.

Faifi handiredi pakhomo, pamwezi.
Ndimayenda dzuwa lisanakwiye,
poti kuno ku Bangula, mwezi wa Okutobala,
nthaka imaotcha ngakhale wovala patapata
ndipo mbuzi zimalimbirana mthunzi wa mpanda.
Agalu a m'mudzi muno akundidziwa.
Eni ake ndiwo ayamba kundiiwala.

Mai Dinyero akuti ogula thonje anatenga pangongole.
Ndi zoona, ndinawaona akukweza mabelo.
A Zuze akuti madzi ndi a Mulungu.
Ndimati inde, bambo, ndi a Mulungu,
koma labala wa m'paipi amagulitsa ku Limbe
ndipo m'sitolomo salandira Amen.
Mlamu wanga Alufandika ali ndi miyezi isanu ndi umodzi.
Dzina lake ndinalemba ndi cholembera chomwecho.
Chiyambire tsikulo, moni wake amandipatsa chammbali.

Chaka cha mavoti kunabwera galimoto zitatu,
nsalu, zitoliro, lonjezo la mipopi ya sola.
Anatisiyira mwala wolembedwa bwino.
Pamwalapo tsopano pamaima tonde
kuyang'ana mudzi ngati ndiye anapambana.

Koma ndisadzitame.
Pali tsamba limene sindifulumira kulitsegula.
Usiku wina Fulukiya wanga anatentha thupi,
maso atatembenuka, mano atalumana,
wakabaza ali pakhomo akuti kulibe ulere usiku.
M'nyumba munalibe kanthu
kupatula kachitini kaja, pansi pa mphasa.
Ndinatsegula.
Sindinapemphe komiti, sindinapemphe Mulungu,
ndinangotsegula.

Mwana atayamba kumwa phala
ndinakhala pakhonde la chipatala, kope pabondo,
ndi kulemba pansi pa dzina la mlamu wanga:
Ine mwini, ngongole, folo sauzande.
Dzanja linkanjenjemera ngati la wakuba,
pakuti kodi ndinali ndani?
Ndinabweza ndi nkhuku ziwiri ndi dengu la masau.
Palibe anandifunsa.
Ndinawerenga ndekha pamsonkhano, mokweza,
a Zuze n'kutsokomola, n'kuyang'ana zala za kumapazi.

Mjigo unafa sabata ya Khirisimasi.
Masiku khumi ndi limodzi akazi analowera ku Shire,
kutunga ndi chitini chomangirira kunsungwi,
phazi limodzi lili chothawa,
maso pa chipika chilichonse choyandama.
Ana anatsegula m'mimba makomo anayi.
Pamenepo ndalama zinandilondola zokha:
zopindapinda, zonyowa thukuta, zonunkha nsomba,
Mai Dinyero atamasula mfundo ya chitenje ndi mano.
Mlamu anatuma mwana. Miyezi itatu yokha.
Ndinalemba itatu.

Mmisiri anabwera panjinga ndi masipanala ake,
anazula mapaipi ngati akutulutsa matumbo a ng'ombe,
n'kutionetsa chimene chinatigonetsa ndi ludzu:
kalabala kong'ambika, kochepa ngati chibangili cha khanda.

Lero m'mamawa ndamva chitsulo chikulira,
kwii, kwii, nkhuku zisanatsike.
Ndi Esinala wa kuseri kwa tchalitchi,
amalendewera pachogwirira poti msinkhu sunafike.
Madzi ake ndi amchere pang'ono, monga kale,
sopo sachita thovu, tiyi amakoma mokakamiza.
Koma akutuluka.

Madzulo ndikakhoma loko, wina adzanditukwana,
adzati ndimadya ndalama za mjigo,
taonani tsaya lake.
Ndidzapita kunyumba ndi kiyi m'khosi,
ndidzayatsa tochi, ndidzanyowetsa chala.
Mwezi watha dzulo.
Tsamba latsopano likufuna mizere,
ndipo rula anabwereka Fulukiya, wapita nayo kusukulu.