Kachitatu Isanakwane Naini

Kachitatu isanakwane naini
buleka yati thapu,
makina opalira matabwa n'kumeza mawu pakati pa thabwa.
Utuchi umene unali m'mwamba ukutsika mwakachetechete
ngati mpingo wotuluka m'tchalitchi mlaliki atakomoka.

Panja Luwinga wafunda chifunga.
Paini wa ku Chikangawa watsamira khoma, akadanunkha nkhalango.
Zitseko zisanu ndi chimodzi za a Msowoya a ku Katoto
zikufunika Lachisanu,
dipoziti ndinadya kale:
lendi, fizi ya mwana,
ndi mayunitsi awa angokhala m'mita manja ali m'thumba.

Vitumbiko, mnyamata wanga, akuti ndi eni magetsi.
Koma kuseri kwa khomali wowotcherera zitsulo
akulavula nyenyezi zake monga mwa masiku onse.
Ayi mphwanga, mlanduwu ndi wa m'nyumba muno.

Ndazula pulagi, ndakweza buleka. Yakhala.
Ndiye kuti khoma lilibe mlandu.
Ndavula lamba, ndapukusa mota ndi dzanja,
khutu pafupi ngati namwino pachifuwa cha khanda:
beringi siikulira.
Ndanunkhiza. Palibe chopserera,
girisi chabe ndi fumbi la chaka chatha.
Kapasita sinatupe.
Ndabwezera zonse, ndayatsa, yaimba bwinobwino,
thabwa lopyapyala ladutsa likuseka.
Lochindikala litangolowetsa mutu,
thapu.

Ndinaitukwana, sindibisa.
Kanthu kakuda kosaposa bokosi la machesi
kundiimitsira tsiku, ine bambo wa ana atatu.

A Kajiso owotcherera aja asuzumira pakhomo,
magalasi akuda ali pachipumi.
Suzgo ni vichi? Dumphitsani waya wonenepa apo,
kapena muimange ndi mphira isagwenso,
mugwire ntchito, zinazo mudzaona Loweruka.
Dzanja langa linafika mpaka pa pulayazi.
Kenaka ndinakumbukira shopu ya amalume ku Chibavi,
m'mawa uja tinkatola misomali m'phulusa lotentha,
misomali yokha,
iwo ataima poteropo atagwira loko wopanda chitseko.

Ndagwada.
Simenti ya Juni ikuluma mawondo.
Ndatsata chingwe ndi zala kuchokera ku soketi,
chikhatho ndi chikhatho, pansi pa benchi,
kudutsa chitini cha guluu, sokosi imodzi ya ndani kaya,
mpaka pa mwendo wachitsulo wa makinawo.
Apo.
Chikopa cha waya chaperepeseka,
mkuwa ukusuzumira ngati dzino la mwana,
pachitsulo pali kadontho kakuda.
Thabwa likalemera makina amanjenjemera,
mwendo n'kupsompsona mkuwa,
mwendo womwewo umene Vitumbiko amatsamirapo bondo
akamakankha thabwa, patapata ali kuphazi, pansi pali chinyezi.

Anadutsitsa chingwe pamenepa ndani?
Vitumbiko wafunsa, wakonzeka kale kukana.
Ndine.
Zaka zitatu zapitazo, tsiku losamukira muno,
ndinati chikhale apa kwa lero lokha.

Tepi ilipo m'dirowa, sindinaiyang'ane kawiri.
Ndamutuma pa kabaza m'tauni
ndi ndalama ya nkhomaliro yathu tonse awiri:
mamita anayi a chingwe chatsopano, paipi, tizomangira khumi.
Wabwera mawawa atamunyowetsa mpaka malaya amkati,
chenji palibe.

Itakwana thuu tayatsa.
Thabwa lochindikala lija lalowa, latuluka mbali ina
losalala, loyera, lofunda pang'ono.
Lachiwiri. Lachitatu.
Maso anga sachoka pakhoma.
Buleka ili duu, mutu m'mwamba,
siikufuna kupepesedwa, siikufuna yewo.

Madzulo ndikutseka, ndinaipukuta utuchi ndi chala chachikulu.
Chitseko chimodzi chatha, zisanu zatsala,
mimba ikulira.
Vitumbiko akukankha njinga kukwera ku Zolozolo,
akuimba mluzu, bondo lake lili bwinobwino,
sakudziwa kanthu,
ndipo sindinaganize ngati ndimuuze mawa.